Nyenyezi zitatu: matabwa a Pietenpol yanga anabwera ndi chilema chobisika

Ndadikira miyezi inayi ndisanalembe ndemangayi. Ndikanalemba tsiku limene ndinadula foni ya mnyamata wa kusitolo imene inandigulitsa matabwa opangira ndege, ikanakhala nyenyezi imodzi, ndipo mawu ake sakanakhala oti ana n'kuwerenga. Mtima unatsikako, koma nkhaniyo ndiyenera kuinena, chifukwa wina mwa inu akhoza kulandira katundu ngati wanga n'kumumata guluu osayang'ana kawiri.

Ine ndine kalipentala. Ntchito ndinaiphunzira ku Ndirande kwa amalume anga, tikupanga zitseko ndi mabedi a mlombwa ndi mbawa. Kuno ku England ndimaika makabati ndi masitepe m'nyumba za anthu. Ndege zinandilowa mumtima ndili kamnyamata, pamene tinkapita ku Chileka kukangoima n'kumaziona zikutera. Chaka chatha ndinaganiza zoti ndisamangolota, ndiyambe kupanga Pietenpol Air Camper m'galaja mwanga. Ndi kandege ka anthu awiri kamene Bernard Pietenpol wa ku Cherry Grove, Minnesota, anakapanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 n'kukaika injini ya galimoto ya Ford Model A. Mapulani ake anasindikizidwa mu 1932, ndipo mpaka lero anthu akupangabe. Ndinakasankha chifukwa thupi lake ndi mapiko ndi matabwa, pulayiwudi ndi nsalu, zinthu zimene manja anga akuzidziwa. Ndinalembetsa ku LAA, bungwe la kuno loyang'anira ndege zimene anthu amadzipangira okha, limene kale linkatchedwa PFA, ndinapeza inspekitala woti aziona ntchito yanga gawo ndi gawo, kenaka ndinaitanitsa matabwa.

Ndinalipira mapaundi 780 a katundu yekha, ndi enanso 95 a galimoto yobweretsa, popeza matabwa aataliwo sakwana m'vani wamba. Munali timatabwa ta nthiti za mapiko ta kota inchi kwa theka la inchi, pulayiwudi wa mamilimita 1.5 womatira pa mphambano, guluu, ndi matabwa anayi aatali a inchi imodzi mbali zonse, opitirira mamita 4, amene amakhala msana wa thupi la ndege kuchokera ku injini mpaka kumchira. Matabwa onse analemba kuti ndi a mtengo wa Sitka spruce wa ndege, wosankhidwa kale.

Za nthitizo ndilibe nazo mawu. Timatabwa tinali toongoka, topepuka, mizere yake yothinana ngati tsitsi lopesa, ndipo titanyowetsedwa m'madzi otentha tinkapindika m'chikombole popanda kudandaula. Pulayiwudi analinso wabwino. Anakulunga bwino, anafika tsiku limene analonjeza. Pofika February ndinali nditamaliza nthiti 11 mwa pafupifupi 30, imodzi usiku uliwonse ndikaweruka, hita ili pambali kuti guluu agwire m'kuzizira kuja.

Vuto linatulukira Loweruka limene inspekitala anabwera koyamba. Ndi bambo wachikulire, wa mawu ochepa, amene wapanga ndege zake ziwiri. Nthiti anaziona, anathyola tizidutswa toyesera guluu timene ndinkasunga pa msakanizo uliwonse, anaona kuti likuthyoka ndi thabwa osati guluu, anagwedeza mutu movomera. Ndinkayesa tamaliza, akazi anga anali atateleka kale madzi a tiyi. Koma anati titulutse matabwa aatali aja panja, pa dzuwa.

Tinawagoneka pa mahachi awiri a kalipentala, timabenchi tochekerapo matabwa, pabwalo. Anayamba ndi kuwerenga mizere ya zaka kumapeto kwa thabwa: pamafunika isachepere 6 pa inchi imodzi, ndipo onse anayi anapambana. Kenaka anatenga cholembera cha inki, anadontheza kadontho pa thabwa lachiwiri. Inki imatsata kumene ulusi wa mtengo ukulowera, ndipo apa inathamangira cham'mbali. Anaika rula. Lamulo lake ndi lakuti ulusi usapatuke kupitirira inchi imodzi pa mainchi 15 alionse. Langali linkapatuka inchi imodzi pa mainchi 12 okha. Analiika pambali osanena kanthu.

Thabwa lachinayi ndi limene linandiumitsa m'kamwa. Analipukuta ndi kansalu konyowa, anagwada, n'kuyatsa tochi ngakhale kunali masana, kuwala kukudutsa chogona pamwamba pa thabwalo. Anayenda nayo pang'onopang'ono mpaka cha pakati, n'kuima. Anandikodola. Ndinayang'ana, sindinaone kanthu. Anati nditsitse mutu diso lifanane ndi thabwa. Pamenepo ndinakaona: kamzere kopyapyala ngati ulusi wa kangaude, kodutsa mopingasa, kokwinyika pang'ono ngati khungu la pa chala. Ine zaka 22 ndikupala matabwa, ndipo thabwa limenelo ndinali nditaligwira kangapo, koma sindinakaone.

Anandifotokozera kuti zimenezi zimachitika mtengo ukapindidwa ndi mphepo yamkuntho uli chiimire, kapena akamaugwetsa n'kugwera pa mwala kapena pa chipika china. Ulusi wa m'kati umafinyika n'kuthyoka, koma kunja thabwa limaoneka lamoyo. Anapempha chilolezo kuti adule gawo limenelo. Ndinavomera. Anadulanso chidutswa china chofanana kumapeto kumene kunalibe chilema. Chabwinocho anachipanikiza pa vaisi n'kuchikoka ndi mphamvu zake zonse: chinapindika, chinalira, kenaka chinang'ambika m'timinga titalititali tosafuna kulekana. Cha kamzere kaja anangochikankha ndi chikhatho. Thyo! Chinaduka mwaukhondo ngati choko cha mphunzitsi.

Malo amene panali kamzereko akanagwera pafupi ndi mipando. Mu Pietenpol woyendetsa amakhala kumbuyo, wokwera nawo kutsogolo, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ananena kale kuti mpando wakutsogolowo ndi wake. Tsiku limenelo tiyi sindinamumwe.

Lolemba m'mawa ndinaimba foni. Anayankha mnyamata amene ndinalankhula naye poitanitsa katunduyo, yemwe nthawi imeneyo anali waulemu kwambiri. Nditafotokoza, funso lake loyamba linali lakuti kodi ndadula thabwalo. Ndinati inde, inspekitala ndiye anadula kuti atsimikize. Anati ndiye basi, katundu wodulidwa sabwezedwa. Ndinati chilemacho chikanaoneka bwanji bwinobwino osadula, ndipo zithunzi ndili nazo. Anati mtengo ndi chinthu chachilengedwe, sungakhale wangwiro ngati chitsulo, ndipo mwina ndinauponda ndi galimoto m'galajamo. Kenaka ananena mawu amene mpaka pano akundiwawa. Anati, kodi bambo, munayamba mwagwirapo matabwa a mtundu umenewu, chifukwa anthu ambiri amayesa kupanga ndege kuli ngati kukhoma mashelefu. Sanandifunse kuti ndimagwira ntchito yanji. Anangomva kalankhulidwe kanga n'kugamula yekha kuti sindikudziwa kanthu. Ndinamuuza kuti amene wakana thabwalo si ine, ndi munthu amene siginecha yake ndiyo idzachititse kuti ndegeyi ipatsidwe chilolezo chouluka. Anati nditumize imelo.

Ndinatumiza imelo itatu, ndi zithunzi, ndi kalata ya inspekitala. Milungu itatu, zii. Foni ndikaimba ankati amene akuona za nkhaniyi watuluka.

Chimene chinkandipweteka si mtengo wa matabwa awiriwo. Munthu amalipira kangapo kuposa mtengo wa paini wa m'sitolo za zomangira chifukwa akugula diso la wogulitsayo. Sitka spruce kuno ku Britain ndi wambirimbiri, nkhalango zodzalidwa za ku Scotland ndi Wales zadzaza mtengo umenewu, koma umakula mofulumira, mizere yake ndi yotalikirana ndipo mfundo n'zambiri. Wa ndege amachokera ku mitengo yakale ya m'mphepete mwa nyanja ku Alaska ndi British Columbia, yokula pang'onopang'ono, ndipo ngakhale mwa imeneyo ndi matabwa ochepa amene amapambana. Ukalemba pa lisiti kuti wasankha kale, ndiye kuti walonjeza kuti wina anagwada ndi tochi ngati mmene anachitira inspekitala wanga. Apa palibe anagwada.

Sabata yachinayi ndinasiya ntchito tsiku lathunthu, ndinamangirira matabwawo pa denga la vani, n'kuyenda maola awiri ndi theka. Ndinalowa ndili wokonzeka kukangana. Mnyamata uja kunalibe. Kuseri kwa kauntala kunali bambo wina wa imvi, epuloni yodzaza utuchi, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndiye amadula ndi kusankha matabwa. Sindinanene zambiri. Ndinangoika tizidutswa tiwiri tija pa kauntala, kong'ambika ndi koduka ngati choko.

Anatenga kodukako, anakatembenuza, anapita nako pa zenera. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, bambo, thabwa ili linadutsa m'manja mwanga, ndipo sindinayenere kulilola kutuluka muno, pepani. Sanatchule za kudula, sanafunse lisiti. Imelo zanga anati sanazionepo, ndipo mmene nkhope yake inasinthira ndinamukhulupirira.

Ananditengera kuseri kumene amasunga katundu. Apa ndiyenera kunena chilungamo: spruce amene ali m'nyumba imeneyo ndi wokongola, wouma bwino, wosanjidwa pa timitanda kuti mpweya uzidutsa, fungo lake lokha lokwanira kukumbutsa munthu chimene anakondera ntchitoyi. Anatsitsa matabwa asanu ndi limodzi, anandipatsa tochi yake, anati ndisankhe ndekha. Tinakhala ola lathunthu tikuwerenga mizere ndi kudontheza inki. Limodzi mwa amenewo analikana yekha ndisanalankhule, chifukwa cha kathumba ka utomoni kamene kanali m'mphepete. Anandiphunzitsanso zimene sindinazimve kwa wina aliyense: kuti thabwa lalitali ndiziliyang'ana mbali zonse zinayi, chifukwa ulusi ukhoza kuongoka mbali imodzi n'kupotoka mbali ina, ndi kuti pamalo pomata spruce ndisamakwechepo ndi sandipepa koma ndizipala ndi mpeni wakuthwa, popeza fumbi limatseka timabowo ndipo guluu salowa. Atamva kuti ndinayambira pa mlombwa, anandifunsa mafunso ambiri za mtengowo, kulemera kwake ndi mmene umamvera sowo. Anthu awiri a ntchito imodzi, tinamvana.

Pa thabwa la ulusi wopatuka lija tinasiyanako pang'ono. Iye anayeza n'kupeza 13, osati 12. Ndinati kaya 12 kaya 13, zonse sizikufika 15. Anaseka, anavomera, analisinthanso. Lakalelo anandisiyira kuti ndidulemo tizidutswa tatifupi ta m'malo mosanyamula katundu, ngati inspekitala angalole.

Ndiye n'chifukwa chake nyenyezi zakwera kufika zitatu. Sizingafike zinayi. Mafuta a ulendowo ndi tsiku langa la ntchito palibe anandibwezera, ndipo nditafunsa za mapaundi 95 aja anandiuza kuti zimenezo ndi za ku ofesi, kumene kuli mnyamata yemwe uja. Iye sanandiimbirepo kudzapepesa. Komanso chikalata chosonyeza kumene matabwawo anachokera ndi amene anawayeza sanachiike m'katundu woyamba. Ndinachilandira nditachita kupempha pamaso, pamene inspekitala amachifuna kuti chilowe m'faelo ya ndegeyo.

Kwa amene mukufuna kuyamba, sitoloyi mukhoza kugulako, koma yambani ndi timatabwa ta nthiti ndi ta mchira. N'totsika mtengo, mumaphunzirapo guluu ndi chikombole, ndipo mukaononga kamodzi simulira. Matabwa aatali a thupi ndi a m'mapiko musaitanitse pa foni. Pitani nokha, funsani amene amadula osati amene amayankha foni, tengani tochi, rula ndi inki. Akafika kwanu musadule, musamate, inspekitala asanawaone, ndipo ngati pali chokayikitsa jambulani n'kuwauza ogulitsawo musanaike sowo, kuti asapeze pothawira ngati mmene anachitira ndi ine.

Matabwa atsopanowo inspekitala anawaona mu April, anasaina. Mbali ziwiri za thupi la ndege zili pa tebulo m'galaja, ndamata kale timitanda ta pakati, ndipo nthiti zafika 26. Matabwa a m'mapiko ndidzakatenga komweko mwezi wa mawa, Lachitatu, chifukwa bambo wa epuloni uja anati ndilo tsiku limene amakhalapo yekha. Kachidutswa koduka ngati choko kaja ndinakakhomera pa khoma, pamwamba pa vaisi.