Lamba wa TheraBand kwa asilikali opuma odulidwa mwendo: ndi woyenera kugula?

Msilikali wopuma akadulidwa mwendo atakalamba, kawirikawiri sikukhala kuti ndi chipolopolo kapena bomba lokwirira. Amakhala matenda a shuga kapena mitsempha ya magazi yotsekeka. Ndiye kuti mtima nawo ndi wofooka, phazi lotsalalo lili pachiswe, ndipo miyezi yodikira kuti bala lipole ndi kuti akayezedwe mwendo woikirira ku Queens, ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu imangothera pampando. Minofu ya m'matako ndi m'ntchafu imafota, chiuno ndi bondo zimauma zili zopindika. Mwendo ukadzabwera, mwiniwake alibenso mphamvu zouyendetsera. Lamba wa TheraBand, wokoka polimbitsa minofu, tikumuyeza pa vuto limeneli.

Ndi mphira yopyapyala ya latex, yotambalala ngati chikhatho, yogulitsidwa m'mitundu yosonyeza kulimba kwake. Mukaikoka mpaka kutalika kwake kuwirikiza kawiri, yachikasu imakoka pafupifupi makilogalamu 1.3, yofiira 1.7, yobiriwira 2.1, yabuluu 2.6, yakuda 3.3, yasiliva 4.6, yagolide 6.5. Ubwino wake waukulu uli pamenepa. Munthu amene moyo wake wonse anazolowera kukwera maudindo ndi kuwerengeredwa paperete sakhutira ndi mawu oti "muzipangako mafizo". Muuzeni kuti akakwanitsa kukoka ka 15, maulendo atatu, osapotoza thupi, achoka pa yofiira kupita pa yobiriwira, ndipo muona akulemba yekha m'kope. Ngozi yake ndi yomweyo: ambiri amafuna kuyambira yakuda. Musalole. Kwa achikulire oyamba kumene, yachikasu kapena yofiira yakwana.

Pa ntchafu ndi pamene amagwira ntchito yeniyeni. Dulani mita imodzi ndi theka, mangani mfundo kuti akhale ngati mkombero, muzengereze ntchafu zonse ziwiri pamwamba pa mawondo. Achikulire agone cham'mbali, mwendo wodulidwa uli pamwamba, aukweze molunjika osaubweretsa kutsogolo, awerenge mpaka katatu potsitsa. Minofu ya m'mbali mwa chiunoyi ndi imene imaletsa munthu kupendekeka akaponda ndi mwendo woikirira. Kenako agone chafufumimba, akweze ntchafu chakumbuyo, chiuno chisachoke pamphasa. Kugona chafufumimba kumawongolanso chiuno, choncho atha kukhalabe choncho mphindi 20 ngati kupuma sikukuwavuta. Atembenuke, achitenso ndi mwendo wabwinowo, chifukwa ndi umene ukusenza katundu yense. Za manja: kolekani lamba pamsanamira yolimba, akhale pampando wosagwedera, akokere zigongono kumbuyo. Mphamvu imeneyi ndi yodzukira pampando ndi kugwirira ndodo zoyendera. Masiku awiri kapena atatu pa sabata, tsiku lopuma pakati. Azitulutsa mpweya pokoka. Kubanika kumakweza BP.

Zolakwika zake si zazing'ono. Lamba akakokedwa amapiringizika nkukhala ngati chingwe, nkumalowa m'khungu. Wodwala shuga amene mitsempha inachita dzanzi sangamve kuti akuchekeka. Choncho asakhudze chipsera kapena nsonga ya mwendo wodulidwa, azidutsa pamwamba pa kabudula kapena kathaulo kopinda, ndipo asayambe bala lisanapole komanso wa mafizo asanavomereze. Mukamaliza, yang'anani khungu ndi kalilole mpaka kuseri. Kufiira kosachoka patatha mphindi 15 kapena 20 ndiye kuti malo kapena mtundu wa lamba walakwika. Kwa amene anadulidwa pamwamba pa bondo ndipo ntchafu yotsala ndi yaifupi, lamba amangovuka, ndipo kumumanga mothina kuti asavuke kumatsekereza magazi amene ndi ochepa kale. Apo ndi bwino munthu wina azikankha ntchafuyo ndi dzanja m'malo mwa lamba.

Sachedwanso kutha ngati simumusamala. Dzuwa, kutentha kwa pansi pa malata ndi Vaseline zimadya latex. Akayamba kumata, muwazeni paudala. Akaoneka timing'alu kapena kabowo pomukoka moyang'anitsa kuwala, mutayeni, chifukwa akaduka amakwapula kumaso ndipo munthu wa mwendo umodzi amagwa. Pa chifukwa chimenechi, zokoka zonse zichitikire pamphasa kapena pampando. Amene khungu lawo limayabwa ndi latex afunse mtundu wopanda latex, ulipo. Chenjeraninso ndi malamba a makampani ena: yofiira yawo si yofiira ya TheraBand, moti manambala aja sagwira.

Nanga chubu chakutha cha njinga? Chimagwira pa manja ngati mwachichekera mopyapyala ndi kuchotsa valavu, koma ndi cholimba kwambiri kwa ntchafu yofota, ndipo palibe chokuuzani kuti mwakwera kapena ayi.

Chimene lamba sangachite ndi kuyendetsa munthu. Malangizo a 2020 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati a zaka 65 kapena kuposerapo azichita zolimbitsa thupi zopumitsa wefuwefu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri, ndi zophunzitsa thupi kusagwa masiku osachepera atatu. TheraBand amakwaniritsa gawo lapakatilo basi. Zinazo zimafuna kupalasa njinga ya olumala, kuima mogwirira tebulo lolimba, ndi kuyenda mtunda wowonjezeka pang'onopang'ono mwendo woikirira ukafika. Zimayenda bwino asilikali awiri atatu akamakumana nthawi yoikika, wina akuwerengera anzake.

Gulani yofiira ndi yobiriwira, mamita awiri iliyonse. Onjezerani yachikasu ngati achikulire akhala pabedi nthawi yaitali. Yasiliva ndi yagolide musataye nazo ndalama.