Lightroom ndi Photoshop: ndalama zanu zimagula nthawi

Kwa munthu amene amadyera kamera, Lightroom Classic ndi Photoshop, mapulogalamu a kampani ya Adobe okonzera zithunzi, n'zoyenera kulipirira. Kwa amene amajambula ana ake pakhomo kapena malo amene wapitako kokayenda, ayi ndithu. Ine ndimajambula maukwati ndi misonkhano, ndipo mapulogalamu awiriwa ndawagwiritsa ntchito kwa zaka zingapo tsopano.

Ambiri amaganiza kuti pulogalamu yodula imakongoletsa chithunzi. Kumbali yanga, chimene imandipatsa kwambiri ndi nthawi. Ukachoka ku ukwati umabwera ndi makhadi odzaza, zithunzi mazanamazana, eniake akudikira. Mu Lightroom ndimakonza chithunzi chimodzi bwinobwino, kuwala kwake, mtundu wa khungu, mdima wa m'mbali, kenako ndimadina Sync, zonse zimene ndinajambula pamalo omwewo zimatsatira. Chotsala n'kungokhudza apa ndi apo. Fayilo yoyambayo sikhudzidwa, pulogalamuyi imangosunga malangizo mu catalog, kaundula wake wa zithunzi, moti kasitomala akabwera patapita chaka kufuna chithunzi chomwecho chakuda ndi choyera, sindiyambiranso. Ndimachipeza polemba dzina kapena deti, basi.

Pali chinthu china chimene anthu amayamikira Adobe pamene mwini ulemuwo ndi RAW, mtundu wa fayilo imene imasunga zonse zimene kamera yajambula isanazikonze. JPEG, fayilo wamba ya chithunzi, imasunga milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 14 bit imasunga 16,384. N'chifukwa chake diresi la mkwatibwi limene padzuwa latuluka loyera mbee, ukatsitsa Highlights timaluwa ta nsaluyo timayamba kuoneka kamodzikamodzi, bola kuwalako kusakhale kopyola malire a kamera. Zimenezi darktable ndi RawTherapee, zomwe n'zaulere, zimachitanso bwino lomwe. Ngati cholinga chanu n'chokhachi, sungani ndalama zanu.

Pamene ndaona kusiyana kwenikweni ndi pa mask, chida chosankhira mbali imodzi ya chithunzi kuti uikonze payokha, ndi pa Denoise, chida chochotsera timadontho. Kuyambira 2021 Lightroom imatha kusankha yokha munthu kapena thambo m'chithunzi. Kale ndinkatha nthawi yaitali ndikuzunguliza burashi m'mphepete mwa tsitsi, pano ndimadina kamodzi, nkhope ndiiwalitse, kumbuyo kukhale momwe kunalili. Denoise inabwera mu 2023, ndipo imeneyi yokha ndi imene imandichititsa kuti ndisadandaule polipira. Chithunzi cha m'holo ya mdima pa ISO 6400 (ISO ndi mlingo umene timaukweza pa kamera pojambula mumdima), chodzaza timadonthomadontho mpaka diso la munthu osaoneka bwino, chimatuluka chosalala koma nsidze ndi ulusi wa jekete zikuonekabe. Zithunzi zimene kale ndikanazitaya, lero zimalowa mu alubamu. Kungoti ntchito imeneyi imafuna kompyuta yamphamvu, makamaka graphics card yabwino. Pa laputopu yofooka mudzadikira mpaka kutopa pa chithunzi chimodzi, choncho powerengera mtengo muikeponso makinawo.

Photoshop ndimaitsegula mwa apo ndi apo, ndikafuna kuchotsa nthambo yamagetsi imene yadutsa pamutu pa anthu, kapena kutenga nkhope pa chithunzi china poti wina anatsinzina pamene gulu lonse linamwetulira. Pa zoterezi ndi katswiri. Koma ntchito yambiri ya wojambula imathera mu Lightroom, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amalipira Photoshop osaigwiritsa ntchito n'komwe.

Kalipiridwe kake muyenera kukamvetsa musanalowe. Kuyambira 2013 Photoshop yatsopano sigulitsidwanso kamodzi n'kukhala yanu. CS6 ndiyo inali yomaliza yotero, ndipo ku Lightroom yomaliza inali Lightroom 6 ya mu 2015. Pano zili ngati nyumba ya lendi: mumakhalamo pamene mukulipira. Mukasiya, zithunzi zanu sizisowa, mbali ya Lightroom yotchedwa Library, yoonera zithunzi, imatsegukabe, koma Develop, kumene mumakonzera, imatsekeka. Kwa ine amene ntchito imabwera mwezi ndi mwezi, ndalamayi ndimangoiwerengera pa mtengo wa ntchitoyo, ndipo kamera yatsopano ikatuluka sipatenga nthawi kuti mafayilo ake ayambe kutseguka. Koma munthu amene amagwira kamera kamodzi pa miyezi itatu akulipirira masiku ambiri amene pulogalamuyo yangokhala.

Wotereyu ayambe ndi zimene opanga kamera amapereka kwaulere: Digital Photo Professional ya Canon kapena NX Studio ya Nikon. Zimayenda mochedwerapo pa zithunzi zambiri, koma mitundu imatuluka monga mmene munaionera kumbuyo kwa kamera. Wofuna kuzama aphunzire darktable, ngakhale poyamba imazunguza mutu ndi kuchuluka kwa zida zake. GIMP, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Photoshop, nayo yapita patsogolo, ndipo GIMP 3.0 ya mu 2025 imalola kusintha mafiluta pambuyo pake popanda kuononga chithunzi.

Adobe imapereka masiku 7 oyeserera. Musawathere pa chithunzi chimene chinatuluka bwino kale. Tengani foda yonse ya ntchito imodzi, kuphatikizapo za mumdima zija, muikonze mu Lightroom, kenako muikonzenso mu darktable, muone maola amene mwataya uku ndi uku.