Switchboard ya magneto ndi ya batire limodzi

Switchboard inali bolodi limene munthu wotchedwa opareta ankalumikizirapo anthu oimbirana lamya. Pa switchboard ya magneto, woimba lamya ankapukusa chogwirira cha magneto, kajenereta kakang'ono ka pa lamya yake, magetsi ake n'kugwetsa kachitseko pa nambala yake pa switchboard. Opareta ankalowetsa pulagi n'kufunsa yemwe akufunidwa. Lamya iliyonse inali ndi mabatire akeake. Vuto linali pomaliza: anthu akaiwala kupukusanso kuti opareta adziwe kuti amaliza kulankhula, chingwe chinkangokhala cholumikizidwa, mzere n'kutsekeka pachabe.

Ya batire limodzi la ku ekisichenji (malo amene switchboard inkakhala), la mavoti 24 kapena 48, inathetsa zimenezi. Ukangonyamula lamya, kababu kankayaka pa switchboard; nonse mukaika pansi, timababu ta pachingwe tinkauza opareta kuti azule. Koma inkafuna waya wotetezedwa bwino, poti mvula ikanyowetsa mzere magetsi ankathawira pansi, kababu n'kumayaka popanda woimba. Pa mawaya ataliatali a kumidzi, magneto ndiyo inali yodalirika.