Rola ndi sefa za PTFE pa fotokope yanga: mmene zagwirira kuchokera dzinja mpaka mayeso kutha

Mvula isanayambe ndinasintha zinthu ziwiri pa shopu yanga ya fotokope kuno ku Zomba. Choyamba ndi rola yopaka mafuta mkati mwa fuser, paja pamene pepala limadutsa potentha kuti tona (ufa wosindikizira zilembo) imatirire. Chachiwiri ndi sefa ya makina okoka fumbi omwe ndimayeretsera mkati mwa fotokope. Zonse ziwiri n'zokutidwa ndi kachikopa koyera ka PTFE (mtundu wa pulasitiki wopirira kutentha) kokhala ndi tizibowo tosaoneka ndi maso. Zaona chinyezi cha dzinja, zaona piringupiringu wa mayeso, ndipo tsopano zili m'fumbi la chilimwe, choncho ndikhoza kulankhula ndi mtima wokhazikika.

Makina anga ndi akale, aja ofuna mafuta a silikoni kuti tona isakakamire pa rola yotentha. Makina ambiri atsopano safuna zimenezi chifukwa tona yake imabwera ndi phula mkati, ndiye ngati anu ndi otere, nkhani ya rolayi sikukhudzani. Koma ambirife tili ndi makina ogula atagwira kale ntchito kunja, ndipo vuto timalidziwa. Rola yakale ya nsalu yokhuthala imataya mafuta ochuluka ikakhala yatsopano, kenako n'kuuma msanga. Makina akagona usiku, mafuta amaunjikana malo amodzi, ndipo mapepala oyamba m'mawa amatuluka ndi chigamba chonyezimira. Kasitomala wobwera ndi satifiketi kapena kalata yofunsira ntchito salandira pepala lotero, ndipo sangalakwe.

Apa ndiye pamene rola yatsopanoyi yandikhutiritsa. Mkati mwake muli chinkhupule chosunga mafuta, ndipo kunja kwake kuli kachikopa kaja. Mafuta sangatuluke mwachisawawa, amachita kusefukira pang'onopang'ono kudzera m'tizibowo, mofanana kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Chigamba cha m'mawa chinatha kuyambira tsiku loyamba ndipo sichinabwerenso. Nthawi ya mayeso oyeserera a MSCE, pamene aphunzitsi amabwera ndi milu ya mapepala oti asindikizidwe mbali zonse ziwiri, ndinkayembekezera kuona mthunzi wa zilembo ukubwerezeka m'munsi mwa pepala monga zinkachitikira kale makina akatentha kwa maola ambiri. Sindinauone. Ngakhale masiku othima magetsi, pamene makina amazizira n'kutenthanso kangapo tikayatsa jenereta, mafuta ankatuluka chimodzimodzi.

Kutentha sikuivuta rolayi chifukwa PTFE imasungunuka pa madigiri pafupifupi 327 ndipo imagwira bwino ntchito mpaka 260, pamene fuser imathera cha m'ma 200 kapena kuchepera. PTFE ndi chinthu chomwe wasayansi Roy Plunkett anachipeza mwangozi mu 1938 akugwira ntchito ku kampani ya DuPont, chimene chinadzatchuka ndi dzina la Teflon. Tizibowo tinabwera pambuyo pake: mu 1969 katswiri wina, Bob Gore, anakoka mwamphamvu komanso mofulumira ndodo ya PTFE yotentha, ndipo m'malo moduka inatanuka n'kukhala ulusi wolukanalukana wodzaza mpweya. Mukaigwira PTFE yotereyi imakhala yofewa ndi yoterera ngati tepi yoyera ija amisiri a mipope amakulunga polumikiza mapaipi. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa pamsika pali marola okutidwa ndi pulasitiki wamba wonyezimira omwe amagulitsidwa ndi dzina lomweli. Mnzanga wina anagula yotere, ndipo inakwinyika isanathe sabata.

Zofooka zilipo, ndipo ndazionera pafupi. Kachikopako n'kopyapyala kwambiri. Tsiku lina pepala linalowa ndi sitepulo yosachotsa, n'kukanda rola chakumapeto. Chikandecho n'chachifupi kuposa chikhadabo, koma pamenepo mafuta amatuluka mochulukirapo, ndipo pa pepala lalikulu la A3 mumaona kamzere kowala m'mphepete mukaliyang'anitsa padzuwa. Pa A4 sipafika, ndiye ndaisiya. Nsalu yakale ija ikanapirira sitepulo popanda chizindikiro. Choncho pepala likakodwa, ana a pashopu ndawaletsa kulowetsa sikuludiraiva kapena lumo. Amadikira makina azizire n'kukoka ndi manja.

China ndi mapepala otsika mtengo. Amakhala ndi fumbi loyera lambiri, ndipo m'miyezi ya mayeso fumbilo linasakanikirana ndi tona n'kupanga kautoto kotuwa pamwamba pa rola. Ubwino wake ndi wakuti sikalowa mkati. Ndimapukuta ndi kansalu kofewa kouma rola ikadali yofunda, ndipo kamachoka. Komabe pakati pa rola, pomwe mapepala ambiri amadutsa, payamba kusalala ndi kuderako, ndipo ndikuona kuti mafuta achepa. Amisiri ena amati muziimiza m'mafuta kuti ibwerere mwakale. Ine sindikugwirizana nazo, chifukwa mafuta othira pamwamba salowa bwino kubwerera mkati, amangoyandama n'kudetsa mapepala.

Musaganizenso kuti rolayi ichiritsa fuser yotha. Ngati rola yotentha inasupuka kale kapena yopanikiza inaphwa, mizere ndi makwinya zipitirira. Ine ndinasintha yotenthayo nthawi imodzi ndi yamafutayi, ndipo gawo lina la ubwino womwe ndaona likuchokera pamenepo.

Za sefa sindichulutsa mawu, yagwira ntchito yake. Tona ndi ufa wosalala kwambiri, njere yake imakhala ya ma micron 5 mpaka 10 (ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi), ndipo makina okoka fumbi a m'nyumba amangoipopera mumpweya kuti tiipume. Sefa iyi ndi nsalu ya poliyesita yokutidwa ndi kachikopa komweko, ndiye tona imaima pamwamba osalowerera mu ulusi. Ndikaigogoda pang'ono m'thumba la pulasitiki, ufa umagwa wonse n'kusiya poyera. Khoma la kuseri kwa makina, lomwe linkada mwezi ndi mwezi, lidakali loyera. Musaitsuke ndi sopo kapena kuikwecha ndi burashi, ndipo musakokere mafuta otayika, chifukwa mafuta amatseka tizibowo ndipo mphamvu yokoka imatheratu.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi katayidwe. Kuseri kwa mashopu athu zinyalala timawotcha madzulo, ndipo PTFE ikapsa pamoto imatulutsa utsi woipa womwe umadwalitsa munthu ngati chimfine champhamvu, ndipo mbalame umazipha msanga. Amene mumaweta nkhuku pafupi, samalani kwambiri. Rola ndi sefa zakutha ndimazisunga m'katoni pamodzi ndi mabotolo a tona, sindizilola kufika padzala.

Mtengo wa rolayi unali pafupifupi kawiri wa yansalu, koma nthawi yomweyi ndikanakhala nditasintha yansalu kangapo, osawerengera mapepala otayika ndi ndalama ya mmisiri. Kwa amene amakopa zitupa zowerengeka patsiku, yansalu ikukwanirani. Kwa ife oyandikira masukulu ndi koleji, ndaitanitsa kale ina kuti ifike ophunzira asanatsegulire.