Magaidi a ku Likhubula: ndalama ndinalipira mosanyinyirika, koma mkungudza waukulu sindinauone

Amene mukuganiza zopita ndi ana asukulu, a kwaya kapena banja lanu kuphiri la Mulanje, tengani gaidi wa pamndandanda wa ku Likhubula, ndipo mumupatse ndalama yonse imene mwagwirizana popanda kunenerera ngati mukugula kaunjika. Ine ndine mphunzitsi wa sekondale ku Blantyre kuno, ndimayang'aniranso kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu. Nyengo yozizira yapitayi ndinakwera ndi ana a Fomu 3 kudzera njira ya Chapaluka mpaka ku Chambe, tinagona komweko, n'kutsikira njira ya Skyline. Ntchito imene anatigwirira anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phirili ndi yabwino kwambiri. Koma ndinabwerako ndi funso lomwe likundivutabe, lokhudza nkhani imene timaphunzitsa m'kalasi yoti boma ndi anthu akusamalira nkhalango limodzi.

Vuto loyamba mukumana nalo musanafike n'komwe. Mukangotsika minibasi pa Chitakale ndi zikwama kumsana, anyamata amakuunjikirani. "Bwana, Sapitwa? Gaidi ndine, mtengo tikambirana." Sikuti onsewo ndi akuba ayi, ena phirili amalidziwadi. Koma magaidi ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo ndipo amalandira alendo motsatira mndandanda, kuti aliyense mwayi umufike. Wokutengani pamsewuyo akudumpha anzake amene akhala akudikira. Komanso chitakuchitikirani chinthu kuphiri, palibe kumene dzina lake linalembedwa. Ife tinakana mwaulemu, tinakwera kabaza mpaka ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, n'kukalembetsa kumeneko.

Amene anatigwera anali bambo wa msinkhu wanga, wobadwira m'mudzi woyang'anizana ndi phirilo. Anayamba ngati wonyamula katundu ali mnyamata, Chingerezi anachitolera kwa alendo omwewo. Tisananyamuke anayendera nsapato za mwana aliyense, mmodzimmodzi. Mtsikana wina anali atavala nsapato zatsopano zoterera pansi, ndipo iye anangoti, "Aphunzitsi, awa avale zakale zija zili m'chikwama, izi zitigwetsera munthu." Kenako anasankha mwana wooneka wofooka kuposa onse n'kumuika patsogolo, pambuyo pa iye mwini, kuti gulu lonse liziyenda pa liwiro la ameneyo. Anyamata othamanga magazi anang'ung'udza. Titadutsa Dziwe la Nkhalamba n'kuyamba chitunda chenicheni, kung'ung'udza kuja kunatha kokha.

Onyamula katundu ndiwo anandichititsa manyazi. Wina anasenza thumba lathu la ufa, mapoto ndi zofunda, kumapazi ali ndi nkhwaira zapulasitiki, koma ankatisiya n'kukatidikira patsogolo atakhala pamwala. Amenewa ndi aja amathamanga mpikisano wa Porters' Race chaka chilichonse, kukwera ndi kutsika phiri m'maola ochepa, pamene ife kukwera kokhako tinakwawa tsiku lathunthu.

Gaidi wathu sanali wolongolola, koma ankadziwa poyankhula. Anatiuza mtsinje woti timwe ndi woti tisamwe. Anaonetsa ana msuku, mombo, ndi malo amene bowa amamera mvula ikagwa. Za mizimu anazinena mosaseka ndiponso mosaopseza: kuti akuluakulu amati ukapeza chakudya chokonzakonza kuphiriku udye wekha, usaitane mnzako, ndi kuti kuli malo osayenera kuchitako phokoso. Mwana wina atafunsa ngati iye amakhulupirira, anayankha kuti chimene waona ndi maso ake ndi chiperoni, nkhungu ija imatsika mwadzidzidzi mpaka munthu osaona dzanja lake. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo anakapezeka atamwalira. Ana anamvetsera bwino kuposa mmene amandimvetsera ine m'kalasi.

Tili m'njira tinakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni, yaitali kuposa iwo eni, akuyenda cham'mbali pamiyala. Tinawapatukira. "Mwaswera bwanji amayi?" "Taswera, kaya inu aphunzitsi." Analibe mantha ngakhale pang'ono potiona tili ndi munthu wodziwika ku ofesi. Apa m'pamene panayambira kukambirana kwathu kwakutali, chifukwa ana anga ankadziwa kuti m'nkhalango ya boma munthu akapezeka ndi nkhuni amathawa.

Nkhalango ya Mulanje ndi ya boma kuyambira 1927, nthawi ya atsamunda. Kwa zaka zambiri kasamalidwe kake kanali ka mlonda ndi wakuba: wina athamangitse, wina abisale, nkhwangwa ilandidwe. Mfundo za nkhalango za 1996 ndi lamulo la nkhalango la 1997 zinasintha zimenezi, papepala. Zinalola kuti midzi yoyandikana ndi nkhalango ya boma isainirane mgwirizano ndi dipatimenti ya zankhalango. Anayamba kuyesera ku Chimaliro ku Kasungu ndi ku nkhalango ya Liwonde ku Machinga, kenako pulogalamu ina ya thandizo la European Union inafalitsa njirayi m'maboma ena. Kayendetsedwe kake n'kotere: nkhalango imagawidwa m'mabuloko, buloko lililonse limakhala ndi komiti yosankhidwa ndi anthu a m'midzi yoyang'anizana nalo. Komiti ndi alangizi a zankhalango amalemba dongosolo lonena kotola nkhuni zouma, komweta udzu wofolera, kodula nsungwi, kopachika ming'oma ya njuchi. Wofuna kutenga kanthu amadula tikiti ya ndalama yochepa. Mbali yawo anthu amalambula njira zotchinga moto, amalondera, amathamangira kukazimitsa moto ukabuka. Malo amakhalabe a boma. Chimene anthu amapatsidwa ndi chilolezo chogwiritsa ntchito, ndi udindo.

Ndinamufunsa gaidi uja kuti, "Nanga achimwene, zikuyenda?" Anaseka kaye. Anati zikuyenda kumene mfumu ili yolimba ndipo komiti imawerengera anthu ndalama poyera. Kumene komiti yadzaza abale a munthu mmodzi, anthu amasiya kubwera kolambula. Ndipo ananena chinthu chimene ndakhala ndikuchiganizira: kulambula njira yotchinga moto ndi ntchito ya tsiku lonse yopanda malipiro, pamene thumba la makala likafika ku Limbe ndalama ndi ya tsiku lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene ali ndi kamunda kosakwana ekala, kopanikizika pakati pa esiteti ya tiyi ndi malire a nkhalango, simungamudyetse lonjezo la mitengo imene idzakule iye atapita. Ndipo ogula makalawo ndi ife a m'tauni, amene magetsi akathima timakoleza mbaula kwinaku tikudandaula pa Facebook kuti anthu akumudzi akutha mitengo. Lamulo linakhwimitsidwa mu 2020, zilango za makala zinakwera, koma njinga zonyamula matumba sizinasiye kuyenda usiku.

M'maganizo anga, mgwirizano wotere umafulumira kugawa ntchito kuposa kugawa phindu. N'chifukwa chake ndikuti ndalama ya gaidi musamanenerere. Mwa njira zonse zimene munthu wa m'munsi mwa phiri angapezere ndalama kuchokera m'nkhalangoyi, iyi ndi imodzi mwa zochepa zimene zimafuna kuti mitengo ikhalebe chiimire. Gaidi amadziwa kuti phiri likayera mbee alendo sabweranso. Koma tisanamizane. Alendo amachuluka miyezi yopanda mvula yokha, mndandanda ndi wautali, ndipo munthu amatha kudikira nthawi yaitali dzina lake lisanafike. Pakati pamenepo amalima nandolo ndi chinangwa ngati wina aliyense. Ndipo amayi a mitolo aja pa ndalama ya alendo sapezapo kanthu. Pa onse amene anatiperekeza panalibe wamkazi.

Tsopano mkungudza. Ana anga anali atauloweza: Widdringtonia whytei, mtengo wa dziko lathu kuyambira 1984, womera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha padziko lonse. Matabwa ake amanunkhira, chiswe sichiwadya, saola msanga, ndipo ubwino umenewo ndi umene unauphetsa. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Ife tinaona zitsa. Gaidi anatipatutsa pang'ono n'kutionetsa chimodzi, chotuwa, chachikulu moti ana atatu anakhalapo, pambali pake pali dzenje la ocheka matabwa lomwe lamera udzu. Anapala chitsacho ndi mpeni n'kupereka kachibanthu kuti tinunkhize. Fungo likadalimo. Anatiuza kuti matabwawo ankatsika pamutu, usiku, ndipo osenzawo ankalandira zochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ankawatumawo. Ena mwa osenzawo ndi anzake amene anakulira nawo limodzi, ndipo sanabise.

Anationetsanso mbande. Kuyambira 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a kafukufuku wa zankhalango a FRIM ku Zomba ndi bungwe la padziko lonse loteteza zomera la BGCI, linathandiza magulu a m'midzi kukhazikitsa manazale a mkungudza. Anthu amafesa m'machubu, amathirira, mbande zikakula amazigulitsa ku polojekiti, ena n'kulipidwa pozisenza kukwera nazo kuphiri. Zoposa 500,000 zinabzalidwa. Apa ndiye ndinaona mgwirizano umene uli ndi ndalama mkati, ndipo gaidi wathu ankaunena ndi nkhope ina. Koma timitengo tina tinali tofiira, takupsa. Moto wa osaka nyama ukadutsa kamodzi mu Seputembala kapena Okutobala, ntchito ya zaka zingapo imathera pomwepo. Amene anabzala analipidwa kubzala. Woti azitchinga moto chaka ndi chaka mpaka mtengo udzakule, ameneyo ndiye nkhani yake sinamveke bwino.

Ku Chambe tinafika dzuwa litapendeka. Chigwa chonsecho kale chinali munda wa paini wa boma, lero mbali yaikulu ndi udzu ndi zitsa, koma thanthwe la Chambe likaima patsogolo pako umaiwala kutopa. Nyumba yogonamo ndi yosavuta: chipinda chachikulu, malo osonkhapo moto, mlonda wachikulire amene anatitungira madzi n'kutikolezera moto tisanapemphe. Ana anamutcha agogo nthawi yomweyo. Chakudya ndi zofunda mumabwera nazo nokha, ndipo musachite chibwana, usiku wa Juni kapena Julayi kumeneko kumazizira mpaka mano kuguguda. Pa chakudya pomwepa, funsanitu poyamba ngati operekezawo adzidyera zawo kapena mudyera limodzi. Ife tinaphika nsima ya onse, ndipo nkhani zabwino zambiri zinatuluka pamoto pamenepo, kuphatikizapo ya namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Anatifotokozera mmene matope ndi miyala zinatsikira m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, n'kukwirira midzi ndi minda. Ena mwa ana angawa amachokera ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndiye panalibe wofunika kumumasulira.

Zimene sizinandisangalatse ndi izi. M'njira muli mapepala a masiwiti, mabotolo ndi majumbo, makamaka kufupi ndi madziwe kumene anthu amapita kukasambira Loweruka. Gaidi wathu ankatola, koma munthu mmodzi sangathe. Wonyamula katundu mmodzi anafika m'mawa akununkha kachasu, ndipo ngakhale katundu anafika bwino, pa ulendo wa ana sizoyenera. Nditamuuza gaidi, anamuyankhula pambali ndipo sizinachitikenso. Chinanso, palibe amene anali ndi bokosi la mankhwala a ngozi, tinadalira lathu la kusukulu. Gulu lililonse linyamule lake.

Potsika, Skyline ndi yaifupi koma ndi yoongoka, mawondo amanjenjemera. Amene muli ndi ana aang'ono kapena achikulire bwererani njira ya Chapaluka yomweyo. Pansi mupeza ogulitsa ziboliboli, timabokosi ndi ndodo, ena akukuuzani monyadira kuti ndi mkungudza weniweni, nunkhizani. Amati amasema mitengo yakufa kale. Mwina ena amatero. Ine sindinagule, ndipo ana ndinawaletsa, chifukwa wogula alibe njira yosiyanitsira mtengo wakufa wokha ndi wochita kuphedwa. Ndalamayo tinagula nanazi ndi uchi wa m'botolo kwa amayi ena a gulu la njuchi, wakuda, wokoma mowawirako pang'ono.

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalilemekeza. Alendo akhoza kuchuluka, ndipo mitengo ya magaidi imasintha kwacha ikagwa, choncho funsani mtengo wa tsikulo musananyamuke ku Blantyre. Lipirani aliyense m'manja mwake, wonyamula katundu payekha, gaidi payekha, mlonda wa kunyumba yogona payekha, osapereka ndalama yonse kwa munthu mmodzi kuti akagawe. Tengani ndalama zosinthasintha, chifukwa kumtunda kuja netiweki imagwira mwa apo ndi apo ndipo za pafoni sizithandiza.