CRAAP kapena SIFT: tiwaphunzitse iti ophunzira athu?

Aliyense amene anachongapo asainimenti za ophunzira a chaka choyamba ku koleji akulidziwa vutoli. Wophunzira walemba ndime zake bwinobwino, mfundo wazisanja, kumapeto wandandalika maumboni asanu ndi umodzi. Mukatsegula umodzi mwa maumboniwo mukupeza kuti ndi tsamba la gulu lomwe ntchito yake n'kufalitsa maganizo omwewo amene iye akuti "kafukufuku wasonyeza". Mukamuitana kuti afotokoze, akuyankha mosaphethira: "Komatu aphunzitsi, adiresi yake ikuthera ndi .org." Sakudziwa kuti .org akhoza kulembetsa munthu wina aliyense.

Njira zothana ndi vutoli zomwe ambirife timagwiritsa ntchito zilipo ziwiri, ndipo zonsezi ndaziyesapo m'kalasi.

Yakale ndi CRAAP. Anaikonza Sarah Blakeslee, wa ku laibulale ya California State University, Chico, mu 2004. Zilembo zisanuzo ndi zoyambirira za mawu a Chingerezi oimira mafunso asanu omwe wophunzira amafunsa pa chilichonse chimene wapeza: chinalembedwa liti, chikukhudzana ndi mutu wanga, analemba ndani ndipo ukatswiri wake ndi wotani, zomwe chikunena n'zolondola, nanga cholinga cha wolemba n'chiyani. Kukoma kwake n'kwakuti imakwana pa pepala limodzi. Mumagawa mapepala, ophunzira amadzaza, inu mumapereka malikisi, kalasi ngakhale ikhale yodzaza mpaka kukhomo. Pa mabuku ndi magazini a akatswiri, zinthu zomwe zinadutsa kale m'manja mwa akonzi, imagwira ndithu.

Vuto limabwera pa intaneti. Taonaninso mafunso aja: mayankho ake wophunzira amawatenga kuti? Amawatenga pa tsamba lomwe akulikayikiralo. Akafuna kudziwa wolemba, amawerenga zomwe eni tsamba analemba zokhudza iwo eni. Akafuna kudziwa cholinga, amawerenga cholinga chomwe iwo anasankha kuulula. Zili ngati kufunsa woimbidwa mlandu kuti adziperekere yekha umboni, kenako n'kutseka bwalo. Ndipo amene ali ndi ndalama zonamizira anthu ndi amenenso ali ndi ndalama zokongoletsera tsamba, kuikapo mayina a madokotala ndi mndandanda wa maumboni pansi pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi si zongoganizira. Mu 2017 Sam Wineburg ndi Sarah McGrew a ku yunivesite ya Stanford ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 45: akatswiri a mbiri yakale 10 okhala ndi PhD, akatswiri 10 omwe ntchito yawo n'kutsimikiza ngati nkhani zili zoona, ndi ophunzira 25 a pa Stanford pomwepo. Anawapatsa nkhani ziwiri zokamba za kuzunzana kwa ana kusukulu. Imodzi inali ya American Academy of Pediatrics, bungwe lomwe linayamba mu 1930 ndipo lili ndi madokotala a ana oposa 60,000. Inayo inali ya American College of Pediatricians, kagulu kakang'ono komwe kanapatuka mu 2002 posagwirizana ndi bungwe lalikulu lija pa nkhani yolola mabanja a amuna kapena akazi okhaokha kulera ana. Mayina ofanana, masamba onse aukhondo. Ophunzira 16 mwa 25 aja anati kagulu kakang'onoko ndiko kodalirika kwambiri. Pa akatswiri a mbiri yakale, theka lokha ndilo linasankha bungwe lalikulu. Koma otsimikiza nkhani onse 10 analondola, ndiponso mwachangu.

Chomwe anachita n'chosavuta mpaka chimachititsa manyazi. Sanataye nthawi kuliwerenga tsambalo. Atangoliona pang'ono anatulukamo, n'kutsegula masamba ena kuti amve zomwe anthu ena akunena za bungwelo. Akatswiri a mbiri yakale aja, omwe anazolowera kusinkhasinkha chikalata mzere ndi mzere, luso lawo lomwelo ndi lomwe linawachedwetsa.

Apa ndi pomwe pagona SIFT, njira yachiwiri ija, yomwe Mike Caulfield anaitulutsa mu 2019. Si mafunso ayi, ndi zochita zinayi. Ima kaye usanakhulupirire kapena kugawira ena. Fufuza kuti mwini nkhaniyo ndani, koma ufufuzire kunja kwa tsamba lake. Saka ngati pali ena odalirika amene analembapo za nkhani yomweyo. Londola mawu, chithunzi kapena chiwerengero mpaka komwe zinachokera. Anzanga ena amachita tsinya akamva kuti pa sitepe yachiwiri timalola ophunzira kutsegula Wikipedia, titatha zaka zambiri tikuwaletsa. Kusiyana kulipo: sitikuti aiike ngati umboni m'nkhani yawo, tikuti aigwiritse ntchito kwa miniti imodzi kuti adziwe amene akulankhula nawo.

Chiyambireni ChatGPT, pulogalamu yomwe imayankha mafunso ndi kulemba nkhani yokha, kumapeto kwa 2022, sitepe yachinayi yasanduka yofunika koposa zonse. Mapulogalamu otere amatha kupeka umboni wathunthu: dzina la wolemba, chaka, mutu womveka bwino, dzina la magazini yeniyeni, ngakhale manambala a masamba. Umboni wotero ukauyang'ana pamaso, mafunso a chaka ndi wolemba umawakhoza bwino lomwe. Umagwidwa pokhapokha wina akalemba mutuwo mu Google Scholar, tsamba losakirapo zolemba za akatswiri, kapena akasaka DOI yake, nambala yapadera yomwe zolemba zotere zimapatsidwa, n'kupeza kuti chinthucho kulibe.

Ndiye CRAAP tiitaye? Musafulumire. SIFT nayo ili ndi zilema zake. Imafuna intaneti m'kalasi, ndipo netiweki ikavuta phunziro latha. N'kovuta kuichonga, chifukwa ntchitoyo imachitika pa sikirini osati pa pepala. Imakondera otchuka: wofufuza wabwino koma wosadziwika, amene palibe analembapo za iye, amaoneka ngati wokayikitsa. Koma chachikulu n'chakuti imakuuzani amene mungamumvere, siikuuzani ngati zomwe wanenazo zikuthandiza mfundo yanu.

Mtsikana wina m'kalasi mwanga analemba nkhani yoti mafoni aletsedwe m'makalasi a ku koleji. Umboni wake unali wochokera m'magazini yolemekezeka, olemba ake odziwika, SIFT yonse inadutsa popanda chokhumudwitsa. Titauwerenga limodzi tinapeza kuti kafukufukuyo anali wa ana a sekondale. Ndinamufunsa kuti, "Chikukupangitsani kuganiza kuti zomwe zinachitika kwa mwana wa zaka 14 zichitikanso kwa munthu wamkulu yemwe anasankha yekha kudzaphunzira n'chiyani?" Anakhala duu kwakanthawi, kenako anati, "Sindinaganizeko." Funso limenelo ndi la CRAAP, lachiwiri lija, lofunsa ngati chinthucho chikukhudzana ndi mutu. Ndi lomwenso katswiri wa filosofi Stephen Toulmin analiika pakati penipeni pa kafotokozedwe kake ka mtsutso mu 1958: pakati pa umboni ndi chimene ukufuna anthu avomere payenera kukhala mlatho, ndipo mlathowo ambiri amauyenda osadziwa kuti ulipo. Nkhani yotsutsa imalimba kapena kugwa pamenepo. Mtsikanayo sanautaye umboni uja. Anawonjezera ndime yovomereza kusiyana kwa misinkhu n'kufotokoza chifukwa chomwe akuonera kuti mfundo yake idakaimabe, ndipo ndime imeneyo inali yabwino kuposa zonse m'nkhani yake.

Ineyo ndikapatsidwa sabata imodzi yokha, ndimasankha SIFT osayang'ananso m'mbuyo, chifukwa ophunzira athu kafukufuku amayambira pa foni, osati pa shelefu. Ndikakhala ndi semesita yonse ndimayamba ndi SIFT, kenako ndimabwereka mafunso awiri a CRAAP, la kukhudzana ndi mutu ndi la kulondola, n'kuwafunsa pokhapokha gwero litadutsa kale. La chaka ndimalitchula mongodutsa: n'lofunika pa zamankhwala ndi zamakompyuta, koma pa mbiri yakale chikalata chakale ndiye chuma.

Za kuchonga zija ndinazipezera njira. Pansi pa umboni uliwonse wophunzira amalemba mizere itatu: ndinatuluka m'tsambali n'kupita kuti, kumeneko ndinapeza chiyani za eni ake, ndipo umboniwu ukugwirizana bwanji ndi mfundo yanga. Mzere woyamba ndi wachiwiri amauzolowera pakangotha milungu iwiri. Wachitatu umawavuta mpaka mayeso, ndipo malikisi ambiri ndimawaika pamenepo.