Holy kapena sacred: kodi mawuwa ndi amodzi?

Wophunzira Chingerezi akafuna kunena za chiyero amapeza holy ndi sacred ataikidwa pamodzi ngati mapasa, chonsecho makolo awo ndi osiyana.

Holy ndi mawu a Angerezi eniake. Kale ankati halig, kuchokera ku tsinde la hal, lotanthauza chathunthu, chopanda chilema. Whole ndi health adatuluka pomwepo, ndipo Ajeremani mpaka lero amati heilig. Mawuwa adalowerera kwambiri m'moyo wa anthu wamba. Holiday linali tsiku lopatulika, osati lopita kunyanja. Nsomba ya halibut idatchedwa choncho chifukwa inkadyedwa pa masiku oterowo. Mneni wake, hallow, adatsala mu Pemphero la Ambuye la m'Baibulo la King James la 1611, ndipo dzina loti hallow, lotanthauza woyera mtima, lidatsala mu Halloween, usiku wa pa 31 Okutobala woyembekezera tsiku la Oyera Mtima Onse. Ana ovala zigoba usikuwo mwina sadziwa n'komwe.

Sacred adabwera mochedwa, kudzera m'Chifalansa, a Norman, ochokera kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066. Gwero lake ndi Chilatini, sacer, chinthu choperekedwa kwa milungu. Kwa Aroma mawuwa ankanenanso munthu wotembereredwa.

Ine ndimasiyanitsa motere: holy amaloza chiyero chimene chili mwa mwini wake, n'chifukwa chake Mngerezi amati Holy Spirit. Sacred amakonda kunena chimene anthu achipatula, monga nyimbo za m'tchalitchi, lumbiro, kapena ng'ombe ya Ahindu ku India.